Mapira Amene Bambo Anabwereketsa

Ku Chirimba ankatidziwa ndi zitini. Mlendo akafunsa kwa a Jailos, anthu sankavutika n'kumulozera. Ankangomuuza kuti apatuke pamsewu wa ku Chileka, aime pang'ono, atchere khutu. Kumene kukulira zitini ndi komweko. Zinali zitini zamkaka ndi zansomba, zoikamo timiyala, zomangiriridwa pachingwe chimene chinkazungulira kamunda ka kuseri kwa nyumba yathu. Nsonga ya chingwecho inkalowera pawindo la kuchipinda kwa ana, ndipo aliyense wobadwira m'nyumba imeneyo anakula akuchikoka. Ine Zione ndinachikoka kuposa wina aliyense, poti achimwene anga a Laban anali ndi mphatso yodwala m'mimba nthawi yomwe mpheta zafika.

Anthu onse a m'dera lathu ankadzala chimanga, monga wailesi inkalangizira m'mawa ndi madzulo. Bambo okha ndiwo ankadzala mapira. Anali mapira ofiira, aatali kupitirira denga, ochedwa kucha, ngala zake zowerama ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Anzathu akamakolola n'kupumula, ife tinali tikulimbanabe ndi mbalame, ndipo mbalame za Blantyre yense zinkadziwa kuti nkhomaliro ili kwa a Jailos. Mayi Idah, oyandikana nafe, ankasuzumira pampanda chaka ndi chaka n'kulengeza kuti zitini zathu zidzawapha ndi mutu. Koma thobwa la mapirawo likapsa, iwo ndiwo ankayamba kufika, ndipo kapu yawo inali yaikulu kuposa za anthu onse.

Bambo anali mesenjala pa ofesi ina ya inshuwalansi mu Victoria Avenue. Ankanyamuka m'mamawa panjinga, atavala khaki wositidwa mpaka kuthwa, n'kumazungulira tauni tsiku lonse ndi maenvelopu a eni ake, uku ku banki, uku ku positi, uku ku Limbe. M'tauni anali munthu wa mawu awiri, "inde bwana" ndi "chabwino bwana". Mawu enawo ankasungira mapira. Akangofika madzulo ankatsamiritsa njinga pakhoma, kuvula nsapato, n'kufunsa funso lomwelomwelo.

"Amayi aswera bwanji?"

Amayi ankafunsidwawo sanali mayi anga, a Vailet, amene anali pomwepo pakhonde akusadzula masamba. Anali mapira. Mayi ankatsonya n'kuyankha osadzutsa mutu, "Ine ndaswera bwino, zikomo pofunsa." Bambo ankaseka, kuwagwira paphewa, n'kulowa m'munda asanamwe ndi madzi omwe. Tinkawamva m'katimo akung'ung'udza Chisena, kudandaulira phesi lopendama, kuyamikira lina. Ndili mwana zinkandichititsa manyazi anzanga akabwera kudzasewera.

Nkhani yake inali yotere. Agogo anga, mayi awo a bambo, anathawa kwa Apwitikizi bambo ali khanda. Ankathawa ntchito yokakamiza ndi thabwa lomenyera m'manja lija ankalitcha mbalamatodya. Anawoloka Shire pabwato, mwana kumsana, ngala imodzi ya mapira itamangidwa kunsonga ya nsalu. Sananyamule mphika kapena mphasa. Ngalayo anaidzala kufupi ndi Nsanje, ndipo bambo pobwera kudzafuna ntchito kuno kumtunda anatengako mbewu yake m'thumba la malaya. Agogowo anamwalira ine ndisanabadwe. Chithunzi chawo palibe, manda awo anapita ndi madzi. Bambo ankati nkhope ya mayi awo inawathawa pang'onopang'ono, koma akaona ngala zitawerama amakumbukira mmene ankaweramira popeta.

Mbewu imeneyi inali ndi malamulo ake, a kwawo kwa agogo, ndipo bambo ankawasunga kuposa mmene ankasungira a kutchalitchi, ngakhale kuti Lamulungu sankajomba. Mbewu sagulitsa, komanso sangopereka, amabwereketsa. Wolandira sathokoza, ngakhale "takhuta" wa Chisena uja sanena, chifukwa kuthokoza n'kutseka nkhani pamene nkhaniyo ikungoyamba. Akakolola amadula ngala yoyamba kucha n'kukabweza kumene anatenga. Ndipo mwini mbewu sakumbutsa. Apa ndi pamene bambo anaumira kwambiri. Ankati kulonjerera mbewu n'kumutcha mnzako wakuba, ndipo mbewu yobwera chifukwa chokumbutsidwa imabwera ndi manyazi, siimera. Asena anzawo a ku Ndirande ndi ku Bangwe ankabwerekadi. Ena ankabweza, ena ankagonja ndi mpheta chaka choyamba chomwe. Ogonjawo bambo ankakumana nawo m'tauni, kupatsana moni, kufunsana za ana, za mapira osatchula.

Chaka cha 1979, Loweruka lina la mwezi wa Meyi, pachipata pathu panaima Landirova ya nambala ya boma. Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse. Galimoto yotero ikaima pakhomo pako sunkadzifunsa kuti ndalakwanji, unkadzifunsa kuti wandinenera ndani. Mayi anathamangira kuchipinda kukafukula makadi a chipani pansi pa matiresi. A Laban, amene ankadwala m'mimba, anachira pompo n'kulumpha mpanda. Ine ndinatsala pawindo chingwe chili m'manja, kukoka nditaiwala.

Anatsika anthu awiri. Wina anali mnyamata wa konkuno, wa jekete labulauni, amene anati dzina lake ndi Kingstone, wa zaulimi. Winayo anali mmwenye wamfupi, wa magalasi ndi chipewa cha nsalu. Amwenye tinkawadziwa a ku Limbe, a kuseri kwa kauntala, oyeza nsalu ndi kuwerenga mabatani. Uyu anapereka moni wa Chingerezi, makadi amene mayi anatambasula sanawayang'ane n'komwe, anangopempha ndi dzanja kuti alowe m'munda. Anaima pansi pa mapira khosi lili m'mwamba, kenako anagwada n'kuyamba kufukula dothi ndi zala, buluku lake loyera lili pansi.

A Kingstone anafotokoza. Mlendoyo anachokera ku India. Mayiko ambiri anali ataona kuti mbewu zamakolo zikutha, anthu akuzisiya chifukwa cha mbewu zatsopano, ndiye anagwirizana zomanga nkhokwe yaikulu yozizira, yosungiramo mapira a mitundu yonse, a ku Sudan, a ku Nigeria, a kuno, kuti mtundu ukatha kwawo usathe padziko. Iwo anali paulendo wa kuchigwa cha Shire kukatolera mbewu, koma mlendoyo anaona ngala zathu pamwamba pa mpanda n'kuimitsa dalaivala.

"Nkhokwe yozizira?" bambo anafunsa. "Amayiwa ndi a kotentha. Kuno kokha amadandaula mwezi wa Juni."

A Kingstone anamasulira, mlendo uja anaseka. Anayankha kuti mbewu ikauma bwino kuzizira kumangoigoneka tulo, ndipo pakapita zaka amaidzutsa, kuidzala, kukolola yatsopano n'kuigonekanso.

"Ndiye kuti kumeneko amalima?"

"Amalima, bambo."

"Mbalame ziliko?"

"Akuti ziliko zambiri."

"Amaingitsa ndani?"

"Akuti alipo anthu a ntchito imeneyo, tsiku lonse."

Bambo anagwedeza mutu. Za mgwirizano wa mayiko sindikudziwa ngati anazimva zonse, koma anthu odziwa kuvutika ndi mbalame anali anthu oti n'kuwakhulupirira. Anatenga mpeni, anapita pakati pa munda, nadula ngala imene anali ataimangira kansanza, yoyamba kucha, yosungira mbewu ya ife tomwe. Mlendo anailandira n'kuyamba kuthokoza. Bambo anakweza dzanja.

"Nkhabe, ayi. Muwauze asathokoze. Muwauze kuti sindikuwapatsa, ndikungowabwereketsa."

Anafotokoza malamulo onse, mpaka za agogo ndi bwato. A Kingstone anamasulira, koma bambo analankhula nthawi yaitali ndipo Chingerezi chake chinatha msanga. Mlendo anagwira pamtima, nanena kuti mbewuyo idzakhalabe ya bambo, ndipo tsiku lililonse akadzaifuna idzabwera. Bambo anamva zoti idzabwera. Zoti akadzaifuna sanaziike kumutu, poti kwa iwo munthu wabwino sadikira kuuzidwa.

Landirova itachoka, mayi anakhala pansi makadi ali pamiyendo.

"Mwapereka ngala yabwino kuposa zonse kwa munthu amene ndi dzina lomwe simukulidziwa."

"Kupatsa n'kuika, amake Laban."

"Kuika ku India? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Laban."

Bambo anadziwerengera okha zaka. Anati choyamba amayi agona, chachiwiri adzalidwa, chachitatu tiyembekezere. Chachitatu chinadutsa, chachinayi chinadutsa. Ndege zotsikira ku Chileka zinkadutsa pamwamba pa nyumba yathu, ndipo bambo ankasiya khasu, kutchinga dzuwa ndi dzanja, kuitsatira ndege mpaka itabisika. Mayi ndiwo ankanena. "Imeneyo ndiye yanyamula ngala yanu, konzani mpando." Landirova ikachepetsa liwiro pamsewu anthu mitima inkagunda ndi mantha. Ku Chirimba konse bambo okha ndiwo ankaimirira n'kukonza kolala.

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti kumene a Kingstone ankagwira ntchito bambo ankakudziwa, siteshoni ya mbewu ya kunjira ya ku Thyolo. Ndipo ntchito ya bambo zaka zonsezo inali yonyamula makalata okumbutsa anthu za inshuwalansi yawo. Ankakumbutsa Blantyre yense m'malo mwa eni ake, zawo zokha ayi. Nditakula, nditayamba ntchito yotaipa ku Limbe, ndinawauza tsiku lina kuti safunsa anadya phula. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Munthu uja anagwada m'munda mwanga," anatero. "Ukufuna ndimutche wakuba?"

Zaka zinapita. Bambo anapuma pantchito, anawapatsa wotchi yapakhoma ndi njinga yomwe ija. A Laban anakwatira n'kusamukira ku Zingwangwa, kumene m'mimba munawasiyiratu. Chingwe chinatsalira mayi, amene ankachikoka akunyinyirika koma osaphonya mpheta ndi imodzi yomwe. Kutsidya kwa Shire kunali nkhondo. Abale a bambo anathawira ku Nsanje opanda kanthu m'manja, ndipo a ku Nsanje komweko nkhokwe zawo zinakokoloka ndi madzi osefukira. Mapira ofiira aja anatha kutsidya, anatha kuchigwa, ife osadziwa kuti otsala ndi a kuseri kwa nyumba yathu okha.

Kenako kunabwera chilala cha 1992. Mvula yoyamba inagwa bwino, bambo anadzala, mbewu inamera, dzuwa linaiwotcha. Anadzalanso. Iyi inakula kufika m'chiuno, ndiye Januwale kumwamba kunangoti mbee. Bambo ankakaima pamzere wa kumpopi, mwamuna yekhayo wa imvi pakati pa azimayi, ndowa ili m'manja, mpaka mpopi unayamba kutulutsa mphepo yokha. Mapira anapinda masamba, anayera, anauma chiimire osatulutsa ngala ndi imodzi yomwe. M'kamphika kaphulusa, mmene ankasungiramo mbewu yapadera, munatsala yodzaza dzanja limodzi. Kumapeto kwa Febuluwale kunada mitambo, kunagwa mvula yamphamvu ya tsiku limodzi. Mayi anawagwira mkono kuti adikire chaka chamawa. Bambo anaopa anankafumbwe, anaopa kuti mbewu ikagona nthawi yaitali m'phulusa ifooka, anadzala yonse. Mvula imeneyo inali yomaliza.

A Laban anatsika pabasi ku Nsanje, anayenda m'midzi ndi m'misasa ya othawa nkhondo, nabwera ndi mapira oyera, aafupi, a chithandizo. Bambo anawayang'ana m'dzanja, nawabwezera m'pepala mwaulemu.

Chaka chimenecho zitini sizinalire. Mayi Idah anasuzumira pampanda n'kunena kuti chete ameneyu akuwasowetsa tulo. Tinkadya chimanga chachikasu ngati wina aliyense, njala sinatiphe. Koma bambo anayamba kuchepa. Ankakhala pakhonde lakuseri kuyang'ana mapesi ouma amene anakana kuti tiwazule, ndipo funso la madzulo lija linatha. Tsiku lina ndinawamva akuuza mayi motsitsa mawu, "Mayi anga anawoloka nawo Shire ine ndili kumsana. Ine ndawaphera kuseri kwa nyumba ya malata." Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo, ndipo pamwamba pa chisonicho panali mkwiyo. Munthu akufota pamaso pathu, mbewu yake ili m'tulo kutsidya kwa nyanja, chotchinga ndi ulemu basi.

Sindinawapemphe chilolezo. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kukwera basi ya ku Thyolo pa Limbe. A Kingstone ndinawapeza ali ndi dazi ndi kamimba, koma nditangoti nyumba ya zitini anandidziwa. Ndinalankhula mopsa mtima, mawu amene ndinawakonza m'basi monse. Anandimvetsera mpaka ndinatha, kenako anagwira mutu ndi manja awiri.

"Achemwali, nkhokwe ija imatumiza mbewu kwa aliyense wopempha, ulere. Koma siyingatumize osapemphedwa. Muli mitundu zikwizikwi mmenemo. Angadziwe bwanji kuti ku Chirimba wina akuyang'ana kunjira? Iwo amadikira kuti mwini anene."

"Bambo akudikira kuti iwo akumbukire."

"Chiyambire chaka chija?"

"Chiyambire chaka chija."

Anasisita dazi. "Madala aja anandiuza zonse tsiku lija," anatero. "Ine ndinaona ngati n'zokamba za akuluakulu, ndinamasulira theka."

Anati mmwenye uja anapuma kale pantchito, koma mbewu iliyonse ili ndi nambala yake ndipo yathu ayipeza. Anandichenjeza kuti ndisafulumire mtima, chifukwa chaka chimenecho makalata opita kunja ankayamba awerengedwa ndi anthu amene sanalemberedwe. Nditafika kunyumba ndinauza mayi okha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Wachita bwino. Koma udzawauza wekha."

Mwezi wa Disembala, mitambo itayamba kusonkhana pa Michiru, Landirova inachepetsa liwiro pamsewu, ndipo ulendo uno inaimadi. Bambo anadzuka pang'onopang'ono, nakonza kolala ya malaya amene tsopano ankawakhuthukira. A Kingstone anatsika okha. Ananjuta pamaso pa bambo n'kupereka ndi manja awiri kapaketi konyezimira, kakang'ono ngati ka mankhwala a mutu. Bambo anakang'amba mosamala n'kukhuthulira m'dzanja. Mbewuyo sikanadzaza supuni yaikulu. Inali yofiira. Anatola kanjere kamodzi, anakaluma, anatsinzina.

"Ndi iwowa," anatero. Anayang'ananso m'dzanjamo. "Amayi, mwaonda."

Mayi anatembenukira kukhoma n'kunena kuti utsi wa kwa mayi Idah ukuwalowa m'maso. Kwa mayi Idah kunalibe moto.

A Kingstone anafotokoza kuti njerezo ndi zidzukulu za ngala ija, kuti anaidzutsa n'kuidzala komweko, inabereka, anaigonekanso. Nkhope ya bambo inawala monga ndinali ndisanaionere chaka chonse. Anatembenukira kwa mayi.

"Ndinanena ine kuti munthu uja adzakumbukira."

A Kingstone anayang'ana ine, mayi anayang'ana ine. Bodza linali pafupi, ndipo linali lofewa. Koma bambo sanandinamizepo chibadwire, ndipo mbewu imeneyo akanailankhula madzulo aliwonse.

"Ababa, ndinapita ndine. Ndinakawauza."

Dzanja lawo linafumbata pang'onopang'ono. Anabwezera njere zonse m'kapaketi, imodziimodzi, anakapinda pakamwa, anakaika pampando, napita kuseri osatiyang'ana. Tinatsala atatu ndi kapaketiko. Mayi ananong'ona kuti bambo akakana, iwo adzadzala okha ndi manja awo. Tonse tinkadziwa kuti sizingathandize. Mapirawo akanamera, koma bambo sakanalowa m'mundamo, ndipo akanamwalira akudziwa kuti mwana wawo anawachititsa manyazi kwa mlendo. Ndinkamva mapazi awo m'mapesi ouma, kupita, kubwera.

Atabwera sanakhale pansi. Anaima patsogolo pa a Kingstone.

"Kalata ya kumeneko analemba ndani?"

"Ndine, bambo."

"Munalemba kuti chiyani?"

"Ndinalemba kuti kuno kunali chilala, mbewu yatithera, tikupempha atithandizeko."

"Za ngala ija simunatchule? Zoti abweze?"

"Sindinatchule."

Bambo anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ine, ndipo m'maso mwawo munali kenakake kofanana ndi kuseka.

"Ndiye kumeneko si kulonjerera. Kumeneko n'kubwereka. Munthu mbewu ikamuthera amapita kwa mnzake amene ali nayo, palibe manyazi. Ife tabwereka kwa iwo. Ngala yoyamba kucha ndi yawo."

"Nanga yanu ija?" mayi anafunsa.

"Ija ikadali komweko. Adzabweza akadzakumbukira."

"Ndiye iwo ali ndi ngala yanu, inu muli ndi ngala yawo. Zidzatha liti zimenezi?"

"Nanga chibale chimatha, amake Laban?"

Anatola kapaketi kaja n'kukaika m'thumba la pamtima. Bambo sanawathokoze a Kingstone. Anangouza mayi kuti mlendo amwe tiyi, ndipo anamupatsa mpando wawo womwe.

Anadzala mvula itagwa kachiwiri, njere iliyonse phando lake, mizere iwiri yokha. Ankagwada podzala, ndipo podzuka ndinkawagwira. Ine ndinkaopa kuti kuzizira kunaiphadi, moti m'mawa ndisanapite kuntchito ndinkayamba ndasuzumira kuseri. Inamera pafupifupi yonse. Madzulo a tsiku limene inamera ndinafika kuchokera ku Limbe, ndisanavule nsapato bambo anandiitana pakhonde. "Sufunsa kuti amayi aswera bwanji?" Ndinafunsa. Anati aswera bwino, koma akudabwa kutentha.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Mapira ankakula, bambo ankatha. Pofika Epulo chifuwa chinawagoneka, ndipo mankhwala a kuchipatala sanachite kanthu. Analamula kuti bedi lawo tilisamutsire kuchipinda cha ana, pawindo, ndipo chingwe anachikulunga padzanja. Munthu amene anatikoketsa chingwe ubwana wathu wonse anayamba kuchikoka yekha, ndipo ndinene zoona, sankachidziwa bwino. Ankakoka mochedwa, mpheta zitadya kale. Koma zitini zinaliranso. Mayi Idah anasuzumira pampanda n'kunena kuti mutu wawayambanso, akumwetulira mano onse pamtunda.

Tsiku lina anandiitana n'kuloza ndi chibwano. "Iyo ya pakona, yawerama kale. Umangepo kansanza." Ndinang'amba kansalu ka khaki wawo wakale n'kukamanga. Anandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndamanga yoyenera, ndipo anati ndili ndi mutu wouma ngati wa agogo anga. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira.

Linali Lamulungu masana, mwezi wa Meyi. Ine ndi mayi tinali pakhonde tikusenda mbatata, zitini zikulira apo ndi apo monga mwa masiku onse. Mpheta zinatera gulu. Tinadikira. Zitini sizinalire. Mayi anaika mpeni pansi pang'onopang'ono, napukuta manja pachitenje. Tisanayambe n'kulira komwe, mayi Idah anali ataima kale pachipata, mpango uli m'manja.

Mpheta sizidziwa maliro. Tsiku lomwelo mayi Idah anatulutsa chingwe pawindo n'kuchimangirira pamtengo wa mapeyala, ndipo anthu obwera kudzakhuza ankasinthana kuchikoka, amvano, azibambo a kutchalitchi, anzawo akale a umesenjala. A Laban anachikoka kuposa onse. Nyimbo zonse za pamaliro a bambo zinaimbidwa zitini zikulira, ndipo palibe anadandaula.

Ngala ya kansanza ndinaidula mu Juni, mwezi umene anthu m'basi ankakangana za voti ya nyali ndi tambala. Ine ndinali nayo pamiyendo m'basi ya ku Thyolo, yokulungidwa m'nsalu ya mayi, ndikuitchinga kuti asaiphwanye. A Kingstone anali atamva kale za maliro. Anaimirira, anailandira ndi manja awiri, nanena kuti aiumitsa bwino n'kuitumiza pamodzi ndi mbewu zina. Anatsegula pakamwa kuti athokoze. Anakumbukira, natseka.

Yathu tinabweza. Ya bambo ija ikadali ku India, ndipo ine, amene ndinkati safunsa anadya phula, sindinakumbutsepo. Mapira ndimadzalabe kuseri kwa nyumba yomweyo. Ndege ikamatsikira ku Chileka ndimasiya chingwe pang'ono n'kuyang'ana kumwamba, mpheta n'kupezerapo mwayi.